Chaka Chimene Ndinkafunira Mwana Wanga Katsabola

Mng'ono wanga anabwera kuchokera ku Lusaka nthawi ya mphepo ya fumbi ija, mvula ikadali kutali. Ine ndinali pamsewu waukulu wa ku Chipata, pakati pa Chinyunyu ndi Rufunsa, pamene azimayi a m'mudzi mwathu tinkagulitsira makala ndi kandolo, mbatata ija. Basi itaima, panatsika mayi wina wowonda, chikwama chamizeremizere kumanja, kamtsikana kumanzere. Ndinanyamula beseni langa n'kuthamanga kuti anzanga asandipitirire.

"Mugulako kandolo, amayi? Wotsekemera uyu."

Mayiyo anandiyang'ana n'kuseka. "Ba sisi, ndine."

Abale inu, mwana wa amayi anga, amene ndinkamubereka kumsana ndili kamtsikana, ine kumutsatsa kandolo! Beseni ndinaliika pansi bwinobwino, ndipo ndinayamba kumukalipira kuti bwanji sanatumize uthenga kuti akubwera. Ndimatero ine. Misozi ikafuna kutuluka, pakamwa ndiye pamayamba kugwira ntchito.

Mwamuna wake, amene ankayendetsa malole, anali atamwalira dzinja lapitalo. Abale a mwamunayo anasesa katundu yense m'nyumba mpaka mbaula. Makolo athu anali atatsikira kale kulichete, ndiye kwawo kwa mng'ono wangayo kunali kwa ine basi. Tinamukonzera kanyumba kakang'ono kuseri kwa khitchini. Matenda ake aliyense ankawaona, koma zaka zimenezo, za m'ma 1990, dzina lake silinkatchulidwa pabwalo. Tinkangoti matenda aja. Ankatsokomola, m'mimba simunkamanga, ndipo m'manja ndi m'miyendo munali zidzolo zakuda zoyabwa, zomwe mwamuna wake anayamba nazonso.

Kwathu wodwala sauzidwa zoona. Umalowa m'nyumba, kumupeza munthu atatha ngati chitsotso, n'kunena kuti, "Koma lero ndiye mwawala, nkhope yabwerera." Ndi ulemu umenewo, ndiponso ndi chifundo. Mlamu wanga atadwala ndinapita ku Lusaka kukamuona, ndipo ndi pakamwa panga pomwepa ndinati, "Alamu, ndi malungo chabe awa." Za zidzolo tinkati ndi sopo wa m'tauni. Za chifuwa tinkati ndi fumbi la pamsewu. Mng'ono wanga anali pomwepo, akumva ndi kuvomereza. Manje zomwezo tinkamuuza iyeyo, ndipo ankavomerabe mwaulemu, "Zoona, ba sisi, lero ndiliko bwino."

Kamtsikana kake kanali ndi zaka zitatu, konenepa, masaya phwii, kolongolola Chinyanja cha m'komboni chimene ana anga ankachiseka. Kanali ngati nkhupakupa pa mayi ake. Akapita kuchimbudzi, iko kankadikira pakhomo. Pogona kankagwira khutu la mayi ake, kopanda khutulo tulo kunalibe. Mng'ono wanga anali atasiya kudzidandaulira yekha. Nkhawa yake inali imodzi: kodi mwanayu ndinamupatsira? Pomusambitsa ankamufufuza thupi lonse, m'khwapa, kuseri kwa makutu, m'kamwa, ngati munthu wogula mbuzi.

Tsiku lina m'mawa, kutentha kutayamba, nyenje zikulira m'mitengo, ndinamva kukuwa kubafa. Ndinasiya tsache n'kuthamanga, ndikuganiza kuti ndi njoka. Ndinapeza mng'ono wanga atakhala pansi m'matope a sopo, mwana ataima m'beseni ali maliseche, akumenya madzi ndi timanja.

"Zayamba," anatero. "Ba sisi, zayamba."

Ndinagwada n'kumuyang'ana mwanayo. Pamimba panali timadontho tofiira towerengeka, kumsana tingapo, kamodzi pamphumi pafupi ndi tsitsi. Tina tinali titatukuka, pamwamba pake pali kathuza kamadzi koyera ngati mame pa tsamba la dzungu. Ndinapatula tsitsi, ndinapeza tina m'mutu. Ndinayang'ana pakati pa zala, kumene mphere amakonda, panalibe kanthu. Maso anali oyera, mphuno youma, osatsokomola, ndiye chikuku sichinali. Thupi linali lofunda pang'ono chabe. Ndinakumbukira kuti dzulo lake anali atanyanyala phala n'kugona masana nthawi yaitali.

Ndinaseka, Mulungu ndi mboni, ndinaseka mpaka kukhala pansi nanenso.

"Iwe, ndi katsabola uyu! Nthomba yaing'ono ija. Ana anga akuluakulu awiri anadwala chaka china, thupi lonse kuchita kuti waa, uyu ndiye wamunyengerera. Kwa oyandikana nawo kumtundaku ana onse ali mbuu ndi mankhwala. Suja ankasewera nawo? Mawa tituluka timadontho tina, tidzaphulika, tidzauma nkhanambo, kwatha. Dzuka m'matopemo, ukundichititsa manyazi."

Sanadzuke. Anandiyang'ana ndi maso aja amene anali atakula pankhope yowondayo.

"Bambo ake munati ndi malungo."

"Zija zinali zina."

"Ine mumati ndi sopo."

"Ndikuti zija ndi zina, iwe! Uyu ndi katsabola weniweni. Ndikulumbira pa manda a amayi."

"Zikomo, ba sisi," anatero, ndi mawu omwe aja ovomerezera kuti lero aliko bwino.

Kwa nthawi yoyamba m'nyumba imeneyo ndinali ndi uthenga wabwino umene unali woona, ndipo unkamveka chimodzimodzi ndi mabodza onse amene tinkamudyetsa.

Anadzuka mogwirira mtengo wa bafa, n'kutenga chitenge chimene ankafuna kumupukutira mwana, n'kundipatsa ine. Anati ndimupukute ndine, ndipo kuyambira tsiku limenelo azigona kwa ine. Maganizo ake anali akuti matendawo anamupatsira ndi thukuta, ndi mpweya, ndi kapu imene ankamwera limodzi, ndipo nthawi iliyonse akamugwira akumuonjezera. Akamusiya, mwina mwanayo akhalako zaka zingapo. Ndinamuuza kuti ndi zamisala zimenezo. Ndinamutukwana ndithu, mawu amene sindingawalembe pano. Analowa m'kanyumba kake n'kutseka chitseko, mwana akumenya chitsekocho ndi timanja tonyowa.

M'mawa mwake ndinabereka mwanayo n'kukwera lole ya makala kupita kukiliniki ku Rufunsa. Ndinkati mawu a ine angakane, koma a munthu wa yunifomu yoyera sangakane. Ba nesi, mayi wamkulu wa imvi zake, anangotukula diresi n'kunena kuti, "Katsabola. Mwezi uno ndiye tawaona ambiri." Anandionetsa chala pamimba pa mwanayo.

"Mukuona? Aka kangofiira kumene, aka kali ndi madzi, aka kayamba kuuma. Mukaona mitundu yonseyo pakhungu limodzi, yambiri ili pamimba ndi kumsana osati m'miyendo, mwana akudya ndi kusewera, ndi katsabola wopepuka. Mumuwenge zikhadabo asadzikande. Panado thupi likatentha, koma asipirini ayi. Mukaona mafinya, kapena akupuma mothamanga, kapena akungogona osafuna kumwa, mubwere naye msanga."

Anandipatsa kabotolo ka mankhwala opaka, apinki aja. Ndiye ndinawafotokozera za mng'ono wanga, motsitsa mawu, poti pabenchi panali anthu a kwathu. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati za magazi a mwanayo sangalumbire popanda kupima, ndipo kupimako kunali ku Lusaka, koma zotupazi sizikukhudzana ndi matenda a mayi ake. Anatinso matenda aja sayenda m'thukuta kapena m'kapu, mayi akhoza kumukumbatira mwana wake tsiku lonse. Ndinatsala pang'ono kuwavinira. Kenako anafunsa ngati mng'ono wanga anadwalapo katsabola ali mwana.

Sindinkadziwa. Pali zaka zina zimene ndinakakhala kwa azakhali kukalera ana, ndipo amene akanakumbukira anali m'manda.

"Ndiye mwanayu asayandikire mayi ake mpaka zonse zitauma nkhanambo," anatero ba nesi. "Kwa mwana ndi masewera, koma kwa munthu wofooka ngati ameneyo katsabola akhoza kulowa m'mapapo n'kumutenga. Sabata imodzi chabe, kapena kupitirirako pang'ono."

Pobwerera ndinkakonza mawu m'mutu njira yonse. Ndikanatha kungonena mbali yabwino yokha. Koma ndinati ayi, mabodza ndi amene atifikitsa pano, ndimuuze zonse mwatchutchu. Ndinaima pakhomo pake n'kuyala nkhani yonse monga mmene ndinaimvera: katsabola, thukuta silipatsira, koma kwa sabata imodzi atalikirane, kuopera iyeyo, osati mwana.

Anamvetsera ali chigonere. Atamva mawu akuti atalikirane, anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwaona? Nawonso anena kuti ndisamugwire."

"Kuopera iwe, gonthi iwe! Kuopera iwe!"

"Anakuuzani choncho kuti musalire m'njira."

Ndinaponya kabotolo ka mankhwala pamphasa n'kupita kuseri kwa nkhokwe, kumene ndinalira ngati mwana.

Madzulo ake, ndikupaka mwanayo mankhwala, kamnyamata kanga kotsiriza, ka zaka ziwiri, kanabwera n'kutukula malaya kuti nakonso ndikapake. Kanali kasanabadwe pamene akulu ake ankadwala katsabola. Ndinakayang'ana kamimba kake kosalala, ndipo nzeru inandibwerera. Kwathu katsabola akalowa pakhomo sitinkabisa ana. Tinkawagoneka mphasa imodzi kuti adwalire limodzi akadali aang'ono, zithe, poti akakupeza utakula amakusambitsa chokweza. Lero ba nesi angandikalipire, koma masiku amenewo ndi mmene tinkachitira tonse. Ndinati kamnyamata aka ndi kanga, bambo ake ndi awo akutema mitengo ya makala ali ndi mphamvu ngati ng'ombe, ine ndine pano. Zotupa zomwezi zikatuluka pa iko, mng'ono wanga anena chiyani?

Ndinapita kukamuuza. "Ngati ndi matenda ako, ndingamugoneke mwana wanga pamodzi ndi wako? Ndine wamisala ine? Dikira uone. Wanga akatuluka zomwezi, ukandipepese."

"Akatuluka," anatero. Ndinaona kuti mawuwo alowa.

Ndiye ana awiriwo ndinawamanga pamodzi ngati nkhuku zopita kumsika. Mphasa imodzi, bulangeti limodzi, beseni limodzi, kapu imodzi yomwera munkoyo. Mwamuna wanga anati, "Amake mwana, anthu amapempherera ana awo kuti achire, inu mukupempherera wanu kuti adwale? Walira mvula walira matope." Ndinamuyankha kuti matopewo ndiponda ndine, iye asamale makala ake.

Katsabola wa kamtsikanako anayenda mmene ndinanenera. Timadontho tina tinatulukabe kwa masiku angapo, kumaso tiwiri titatu, kamodzi m'kamwa kamene kanamuvutitsa kudya zamchere. Ankadzikanda kumsana pa mtengo wa mango ngati mbuzi, ine kumuthamangitsa. Kutentha thupi kunatha msanga. Koma matenda ake enieni sanali pakhungu. Ankafuna mayi ake. Ndikangotembenuka, iye uyo wathawira kuseri kwa khitchini, thupi lili mbuu ndi mankhwala, akuitana, "Amama, tsegulani, ndine."

Masiku oyamba mng'ono wanga ankamuyankha mofatsa ali mkati. "Pita kwa amama akulu, mwanangu, ndikubwera." Koma chitseko chinali cha bango, ndipo mwana wa zaka zitatu amalowa pamene khoswe walowa. Tsiku lina anapeza mayi ake ali m'tulo masana, n'kugona pambali pake, n'kugwira khutu. Mng'ono wanga atadzidzimuka anakuwa ngati wapsa ndi moto. Anamukankha mwanayo mpaka anagubuduka pamphasa.

Kuyambira pamenepo anaika kamtengo pafupi ndi mutu wake. Mwana akasuzumira, iye ankamenya pansi ndi kamtengoko. "Choka! Sindikufuna! Choka pano!" Munthu amene sankatha kunyamula kapu ya madzi ankapeza mphamvu zokuwira mawu amenewo. Kamodzi anamugenda ndi patapata, ndipo inamupeza pachipumi. Mwanayo sanalire. Anatola patapatayo, n'kuiika bwinobwino pakhomo pafupi ndi inzake, n'kubwera kudzaima pambali panga pamene ndinkatsuka mbale. Nditalowa kuti ndikamukalipire mayi akeyo, ndinamupeza ataluma bulangeti kuti kulira kwake kusamveke panja.

Nkhanambo zitauma zonse ndinati tsopano ba nesi alola, mutenge mwana wako. Anakana. Anati zauma lero, zidzabweranso, za bambo ake nazo zinkatero. Anafunsa za kamnyamata kanga. Ndinati sizinatuluke. Anatembenukira kukhoma.

Ha, kamnyamata kameneko! Sindinaonepo mwana wathanzi ngati iko masiku amenewo. Kankadya ngati kakulipidwa. M'mawa uliwonse ndinkakavula n'kukatembenuza padzuwa, kukasanthula m'mutu, m'khwapa, m'matako. Kakalumidwa ndi udzudzu, ine mtima phaa, kudikira kuti patuluke madzi, osatuluka. Ndinkakagwira pachipumi kambirimbiri mpaka kanayamba kundithawa. Kutchalitchi anzanga akupempherera mvula, ine ndinkati, "Ambuye, tizilonda towerengeka chabe, sindikupempha zambiri." Azimayi anzanga pamsewu ankati katsabola amabisala m'thupi masabata awiri kapena atatu asanaonekere, ndidekhe. Kudekha ndikanadekha, koma nthawiyo inali ya yani?

Pakuti mng'ono wanga ankatha tikuona. Phala linkabwerera. Kuchimbudzi ndinkachita kumunyamula, ndipo ankapepuka ngati mtolo wa udzu. Masana kukatentha ndinkamutulutsa n'kumugoneka pakhonde la kanyumba kake kuti apitidwe mphepo. Ali pamenepo ankatha kuona ana akusewera pansi pa mango. Maso ake ankatsatira kamtsikana kake kulikonse kumene kapita, koma kamtengo kaja kanali m'manja. Sanafunikenso kukagwiritsa ntchito. Mwanayo anali atasiya kupita. Akatumidwa kukhitchini ankazungulira njira yaitali, kudzera kukhola la mbuzi, nkhope atayang'ana kumbali. Pogona anayamba kugwira khutu langa. Ndinkamusiya, koma zinkandiwawa ngati ndaba.

Sabata yachitatu ili mkati, kamnyamata kanga kanadzuka konyong'onyeka, kakukana kandolo wootcha amene kankamukonda. Ndinakagwira, kofunda. Sindinauze munthu. Tsiku lotsatira m'mawa ndinakavula malaya, ndipo pamimba ndi pamsana panali timadontho tofiira, tina tili kale ndi mame ake pamwamba. Ndinaululuza! Mayi kuululuza mwana wake atadwala, oyandikana nawo anatuluka kudzaona ngati kwabadwa mwana.

Ndinathamanga kukamutulutsa mng'ono wanga pakhonde, n'kumutsamiritsa kukhoma. Kenako ndinatenga kamnyamatako n'kuima nako pabwalo, patali ndithu monga ba nesi ananenera, pamene dzuwa linkawala bwino.

"Ona! Ona, Tomasi wosakhulupirira iwe! Uyunso wamupatsira ndiwe?"

Anatsinzinira maso kuti aone bwino. "Mutembenuzeni."

Ndinamutembenuza.

"M'mutu namo?"

"Namo. Kuseri kwa khutu aka."

"Tili ndi madzi?"

"Tili ndi madzi, chimodzimodzi."

Anakayang'anitsitsa kamnyamatako. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti ndi chifuwa. Kunali kuseka. Ankaseka misozi ikutsika, akubwereza kuti, "Katsabola. Mayo ine, katsabola chabe." Anatenga kamtengo kaja n'kukaponya, ngakhale sikanafike patali. "Ba sisi, ndikhululukireni. Ndibweretsereni mwana wanga."

Ndinapereka kamnyamata kwa bambo ake, n'kusamba m'manja ndi kusintha chitenge. Kamtsikanako ndinakapeza kumango kakuphika dothi m'zitini. Ndinakapukuta kumaso, n'kukagwira dzanja. Tinayenda bwinobwino mpaka titakhota pakhitchini. Kataona kumene tikulowera, kanaima njii.

"Tiye, amama akukuitana."

Kanapukusa mutu.

Mng'ono wanga anatambasula manja ake aja ngati timitengo. "Bwera, mwanangu. Bwera kwa amama. Sindikumenyanso."

Mwanayo anazungulira kumbuyo kwanga n'kukwirira nkhope m'chitenge. Ndinkamva kamtima kake kakugunda pa mwendo wanga. Ndinamunyengerera ndi shuga, ndi vitumbuwa, ndi ulendo wa pabasi. Ayi ndithu. Ukali wanga unakwera, ndinamunyamula mokakamiza kuti ndikamuike pamiyendo pa mayi ake. Anakuwa kukuwa kumene sindinakumvepo, akundikwapula ndi miyendo, akundikanda m'khosi. "Sindifuna! Andimenya! Sindifuna!"

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo!" ndinamukalipira, ngati mwana wa zaka zitatu angamve mwambi.

"Musiyeni, ba sisi," anatero mng'ono wanga. Manja anali atawabweza pachifuwa. "Musamukakamize. Ndinamuphunzitsa ndine, ndipo wamva."

Ndinamutsitsa, iye n'kuthawira kukhola la mbuzi. Ife awiri tinatsala tikuyang'ana pansi. Ndinayamba kunena kuti azolowera, mawa abwera yekha, ana saumira mtima. Mng'ono wanga anakweza dzanja kuti ndisiye, ndipo ndinasiya.

Tinayesa mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinkapatsa mng'ono wanga nthochi kuti amuitanire nayo. Mwanayo ankayang'ana nthochiyo ali patali, chala m'kamwa, kenako n'kubwerera kumasewera. Mng'ono wanga anayesa kumuimbira kanyimbo kamene ankamugonetsera ku Lusaka, koma mpweya unkamuthera pakati. Ndikanakhala ndi mwezi umodzi ndikanamuweta mwana ameneyo pang'onopang'ono mpaka kubwerera. Mwanayo analibe matenda aja, anakula, ndipo lero ndi mayi wa ana ake. Nthawi anali nayo yambiri. Mayi ake ndi amene analibe.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, kamtsikanako kanagona kumsana kwanga ndikusenda chinangwa. Kankagona tulo tofa nato, ukhoza kukanyamula kupita nako ku Chipata osadzuka. Ndinaimirira mwakachetechete n'kupita kukhonde kuja. Mng'ono wanga ataona, anatsegula pakamwa, ine n'kumuloza kuti akhale chete. Ndinamasula chitenge pang'onopang'ono, n'kumutsitsira mwanayo pamphasa, mutu pa mkono wa mayi ake.

Poyamba sanamugwire. Anangoyandikiza mphuno kutsitsi lake n'kumanunkhiza, maso atatseka. Kenako anatukula kadiresi ndi chala chimodzi n'kuyamba kuyendera zipsera zija, kamodzikamodzi, pamimba, m'nthiti, pachipumi. Nkhanambo zinali zitagwa, pangotsala timadontho totuwa. Pachipumi, pamene patapata inamenya, anaimapo nthawi yaitali. Milomo yake inkayenda koma sindinamve zimene ankanena, ndipo sindinasendere kuti ndimve. Mwanayo, ali m'tulo momwemo, anatambasula kadzanja kake, kufufuza, n'kupeza khutu.

Ine amene pakamwa sipatsekeka, tsiku limenelo ndinangokhala pansi n'kumaingitsa ntchentche.

Mthunzi utayamba kusendera, mwanayo anadziongola n'kung'ung'udza. Mng'ono wanga anachotsa kadzanjako pakhutu pake mosamala ngati akuchotsa dzira pansi pa nkhuku.

"Mutengeni asanadzuke," ananong'ona. "Asandione, angachite mantha."

Ndinafuna kutsutsa. Ndinafuna kunena kuti mulekeni adzuke, aone kuti ali m'manja mwa mayi ake ndipo palibe chamuchitikira. Koma anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti kukuwa kuja sangakupirirenso kachiwiri. Ndinawerama n'kumubereka mwanayo.

Tinkachita choncho masana aliwonse, masiku ochepa amene anatsala. Pamsewu ndinasiya kupita. Ndinkamuthamangitsa mwanayo m'mawa wonse kuti atope, kumudyetsa mokhuta, kumubereka mpaka mutu ulendewere, kenako n'kupita naye kukhonde. Mng'ono wanga ankakhala akudikira, atandipempha kale kuti ndimupukute kumaso ndi kumumanga duku loyera. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, Lachisanu m'mawa, nthawi yogona ana isanakwane.

Masiku onsewo mwanayo sanadzukepo ngakhale kamodzi ali m'manja mwa mayi ake. Akatsegula maso ankapezeka ali kumsana kwanga, n'kufunsa ngati kuli phala.